Batire la 504 ya madala likungofa galimoto ili chiimire, nditani abale?

Mwana_wa_504:
Moni nonse a pagulu, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi Peugeot 504 ya 1978 yomwe anasiya malemu bambo anga, imakhala mu galaja ku Chilomoni ndipo siyenda tsiku ndi tsiku ayi, imatuluka pakakhala ukwati wa pachibale kapena ndikangofuna kuipitsako mphepo Lamulungu. Vuto ndi batire. Ndikaisiya masabata angapo nkupita kukailiza imangoti tcha tcha tcha, timagetsi ta pa dashibodi nkumazilala, basi mpaka kuitana anyamata okankha. Batire lomwe lilimo panopa silinathe ndi chaka chomwe. Ndinamuuza mphwanga kuti aziliza injini Loweruka lililonse kwa mphindi 10 koma palibe chikusintha. Kodi ndi mabatire a masiku ano omwe ali osalimba kapena galimotoyo ili ndi vuto? Inu amene mumasunga zakalezi mumatani?

DatsunBoy265:
Gulitsani galimotoyo bigi, batire lisiya kukuvutani kkkk kasitomala ndili naye kale

Mwana_wa_504:
Iyi siyogulitsa aise, mayi atangomva zoti ndaganizako chabe pamudzi sindingapondeponso.

Makaniko_waku_Ndirande:
Achimwene musanagule batire lina pezani kaye mita, ija ya digito yotchipa ya mmashopu a zamagetsi ikwana. Siyani galimoto igone usiku wonse osailiza, mmawa muyeze pa mitu ya batire. Batire la 12V lodzadza bwino limaonetsa 12.6 kapena 12.7. Likaonetsa 12.4 nde kuti latsika kale ndi kota, 12.2 lili pa theka, likafika 12.0 latsala ndi kota yokha, kutsika mmunsi ndiye laphweratu ngakhale hutala ikulira. Anthu ambiri amapusitsika ndi 12 ameneyu, amaona 12.0 nkumati batire lili bho.
Kenako lizani injini, pondani mafuta pang'ono muyezenso, pamenepo muziona pakati pa 13.8 ndi 14.4. Mukaona 12 point chakuti injini ili mkati molira ndiye vuto si batire, ndi alternator (chija chimatchaja batire injini ikamalira) kapena regulator (yoyang'anira muyezo wa moto wopita ku batire) kapena fanibeluti yakhwepa.
Koma chomwe chimapha mabatire a galimoto zongokhalazi ndi ichi, batire likakhala masabata lili lophwa pang'ono mapuleti amkati amagwira timiyala toyera ta sulphate, poyamba timakhala tofewa ndipo mukatchaja timasungunuka, koma tikakhalitsa timauma gwa osachokanso. Batire lotero mukalitchaja limadzadza msangamsanga nkuphwanso msangamsanga chifukwa malo osungira moto achepa. Nde batire la minibasi yoyenda Limbe-Blantyre tsiku lonse limatha kukhalitsa kuposa lanu lomwe likungogona pamthunzi.

Bambo_a_Chisomo:
Ine ndimaliza yanga sabata iliyonse mphindi 15 ndipo ili bwinobwino. Mwina mphwanuyo sakuliza, akungokunamizani.

Makaniko_waku_Ndirande:
Yanu ndi galimoto yanji bambo?

Bambo_a_Chisomo:
Corolla ya 1996, komanso madamu amapita nayo ku tchalitchi Lamulungu.

Makaniko_waku_Ndirande:
Nde si imeneyotu, ikutchajika ndi ulendo wa ku tchalitchiwo osati mphindi 15 zanuzo. Kuliza injini pamalo amodzi kumangobweza moto omwe sitata yadya poliza, mwina ndi pang'ono chabe pamwamba pake. Moto omwe watayika sabata yonse subwerera, chifukwa batire likamayandikira kudzadza limalandira pang'onopang'ono, gawo lomaliza lija limafuna maola. Komanso injini yongolira osatentha mokwanira imasiya madzi mu ekizosi ndi mu oyilo, ekizosi imachita dzimbiri kuchokera mkati, mapulagi nawo amada. Ngati mukufuna kuliza tulukani nayo, pitani mpaka ku Lunzu nkubwerera, mabuleki ndi matayala nawonso apindule.

Wa_ku_Area25:
Kupita ku Lunzu ndi petulo wake uti a makaniko? Munthu wagona pa mzere kuti apeze malita ochepa oyendera ku ntchito ndiye akathire mu galimoto yongopitsa mphepo?

Gogo_Landy:
Ana inu, mawu a makanikowa ngoona ndipo kwa ife a dainamo nkhaniyi ndi yoposa pamenepo. Land Rover yanga ndi Series IIA ya 1965, ilibe alternator, ili ndi dainamo ya Lucas. Dainamo injini ikamalira pansipansi sitchaja nkomwe, nchifukwa chake kanyali kofiira kaja kamaphethira mukaima pa mphambano, kamazima mukaponda mafuta. Ndiye munthu akamaliza galimoto yotere pakhomo mphindi 10 ndiye kuti koyilo ikudya moto wa batire ndipo palibe chikulowa, akuliphwetsa yekha ndi manja ake. Ngakhale ikuthamanga dainamo imeneyi mphamvu yake yonse ndi ma amps 22 basi.
China chimene ndimachenjeza aliyense wofuna kugwira galimoto yanga nchoti waya wa pozitivu ndi umene umapita ku bode. Galimoto zambiri za ku Britain za nthawi imeneyo zinali choncho, Morris Minor, Austin, ndi ma Land Rover mpaka cha mu 1967. Mnyamata wozolowera za ku Japan akangofika amafuna kulumikiza mwachizolowezi. Muziyang'ana chizindikiro cha + ndi - pa batire penipenipo, musamakhulupirire mtundu wa waya, pazaka zonsezi mawayawo anasinthidwa ndi anthu ambiri.
Ine njira yanga njosavuta. Ndinaika swichi yodula moto pa mutu umene umapita ku bode, ndikafika pakhomo ndimangopotokola. Kamodzi pa mwezi ndimalitchaja usiku umodzi. Likakanabe ndili ndi handulo, ndimapukusa kutsogolo.

DatsunBoy265:
Agogo handulo pa msinkhu wanuwo? Idzakuthyolani dzanja tsiku lina

Gogo_Landy:
Imathyola amene sadziwa kugwira. Chala chachikulu chisamazungulire handulo, chizikhala mbali imodzi ndi zinzake, ndipo umakoka chokweza osati kukankha chotsitsa. Ndinayamba kupukusa iwe usanabadwe.

Nasibeko_JHB:
Ine ndili ku Joni kuno ndi Beetle ya 1964 ndipo chomwe chinandipumitsa ndi tchaja ija imene imaganiza yokha, ena amati maintainer. Siili ngati tchaja wamba ayi, imadzadza batire kenako nkutsika yokha kumangolisunga, likatsika pang'ono imayambiranso, nde mutha kuisiya yolumikiza miyezi osaopa. Kuno zodziwika ndi CTEK, Optimate ndi NOCO. Yaing'ono ya 1 amp kapena kucheperapo ikukwana pongosunga, simukufunika chitchaja chachikulu.
Koma samalani pogula, ma Beetle ambiri a mmbuyo mwa 1967 ndi a 6V ngati yangayi, lodzadza limaonetsa 6.3 basi, mukalumikiza tchaja ya 12V mwaliphika. 504 yanu achimwene ndi 12V ndiye mulibe vuto limenelo. Kwa a ma Beetle anzanga, batire lathu limakhala pansi pa mpando wakumbuyo, onetsetsani kuti mitu yake ndi yovindikira chifukwa munthu wonenepa akakhala pamenepo masipuling'i a mpando amatha kugunda mitu yonse iwiri, ma Beetle ambiri anapsa choncho.

Mai_Nachi:
Pepani ndalowerera, 504 yo ndi ya mtundu wanji? Mwana wa mchemwali wanga akumanga ukwati mu Disembala ndipo akufuna galimoto yakale yonyamula akwati, mumabwereketsa?

Mwana_wa_504:
Ndi yoyera mayi, koma mmene ililimu mungafune akwati akatsike kukankha pa Ginnery Corner?

Mai_Nachi:
Kkkkk ayi konzani kaye, ndikufunsaninso.

Wa_ku_Area25:
Ma 504 anali galimoto zenizeni abale, akuluakulu a boma ndi ma hedimasitala ndi imene ankayendera, msewu wafumbi imangouluka osamva mabampu. Inatuluka 1968 koma ku Kenya anapitiriza kuipanga mpaka 2004, ku Nigeria mpaka 2006, nde ma sipeya sangasowe kwenikweni.

DatsunBoy265:
Datsun 120Y inali patali, mafuta imangonunkhiza

Wa_ku_Area25:
Chitini chimenecho aise, dzimbiri linamaliza zonse, watsala nayo ndiwe wekha

SolaMan_Salima:
Tibwerere ku batire anthuni. Achemwali a ku Joni tchaja mukunenayo ndi yabwino koma imafuna magetsi okhazikika, kuno akazima maola ambirimbiri ndiye pobwera amabwera ndi ukali nkuotcha zinthu. Ine ndimati dzuwa ndi laulere. Kapanelo ka sola ka 10W padenga la galaja, waya kutsika, kakontrola kakang'ono, basi. Pa dzuwa labwino kamapereka cha mu theka la amp, zokwana kusunga batire lodzadza kale. Osayembekeza kuti kadzutsa batire lakufa ayi. Ndipo kontrola musaisiye, panelo yolembedwa 12V ikakhala yokha padzuwa imafika ma volts 20 kapena kuposa, pakapita miyezi madzi a mu batire amauma. Ikaninso fyuzi pafupi ndi batire, makoswe akatafuna waya musaotche galaja.

Nasibeko_JHB:
Magetsi kuzima ndi konkuno komwe achimwene, si kwanu kokha. Batire silingaphwe chifukwa tchaja yapuma maola 8, chofunika pogula mufunse ngati imayambiranso yokha magetsi akabwera, chifukwa zina zimadikira munthu adine batani. Pa zoopa kupsa ikani ka surge protector ngati ka pa filiji. Koma sola sindikutsutsa, kwa amene galaja yake ilibe soketi ndi njira yabwino.

Chipiliro_wa_Minibus:
Zonsezi nzodula. Chotsani batire mukaliike mnyumba, koma osaliika pa simenti chifukwa simenti imayamwa moto, ikani pa thabwa.

Injiniya_Leeds:
Za simentizo nzakale akulu. Zinali zoona nthawi imene mabokosi a mabatire anali a matabwa kapena labala yolimba yomwe inkalowa chinyezi, a masiku ano ndi pulasitiki, simenti singayamwe kanthu. Batire limaphwa lokha ngakhale mutaliika pa matilesi, asidi ndi mapuleti zimadyana mkatimo pang'onopang'ono. Chomwe chimathamangitsa kuphwako ndi kutentha. Mwachidule kutentha kukakwera ndi madigiri 10 kuphwa kumawirikiza kawiri, nde pansi pa simenti pozizira mpabwino kuposa pa shelefu pafupi ndi malata.
Chomwe chimatayitsa moto kunja kwa batire ndi litsiro lonyowa pamwamba pake, fumbi losakanikirana ndi asidi limapanga kanjira pakati pa mitu iwiri ija. Pukutani pakhale pouma.
Kuno ku UK vuto lathu ndi losiyana, galimoto zakale zimatsekeredwa kuyambira Okutobala mpaka Malichi kuthawa mchere omwe amathira mmisewu. Kuzizira kumachepetsa kuphwa koma kumafooketsa mphamvu yoliza, ndipo batire lophwa madzi ake amatha kuundana nkung'amba bokosi pomwe lodzadza siliundana. Ndiye aliyense kuno amangosiya pa maintainer. Ine ndili ndi MGB ya 1972, ili ndi mabatire awiri a 6V kuseri kwa mipando olumikizana kupanga 12V, kuwafikira kwake mpaka kuchotsa kapeti ndi chivindikiro, nde ndinangomangirira kawaya ka tchaja kokhazikika kotulukira panja, ndikafika ndimangosomeka.

Wa_ku_Nchalo:
Za kutenthazo musanene, kuno mu Okutobala batire limauma madzi ukuona. Ine ndimatsegula zitsekerero mwezi ndi mwezi.

Chipiliro_wa_Minibus:
Likafooka pitani nalo kwa anyamata a mabatire akakhuthule asidi wakale nkuthira watsopano, limadzuka ngati latsopano. Ena amaponyamo aspirin.

Makaniko_waku_Ndirande:
Ayi ayi Chipiliro usawaphunzitse anthu zimenezo. Chomwe chimauma mu batire ndi madzi, asidi sachoka, ndiye umathira madzi a batire okha, aja a distilled a mmabotolo, osati a pampopi kapena a pa mjigo chifukwa ali ndi mchere omwe umaononga mapuleti. Azingophimba mapuleti pang'ono, osadzadza mpaka kukamwa. Ukathira asidi watsopano mu batire lomwe mapuleti ake agwira kale sulphate limaoneka lamphamvu masabata ochepa kenako mapuleti amayoyoka, nkufa kosadzukanso. Za aspirin sindiyankha nkomwe.
Ndipo poti tayamba za zizolowezi zoipa, siyaninso zija zozula waya wa batire injini ikulira ati kuyesa ngati alternator ikutchaja. Mukhoza kuotcha ma diode pompo. Mita ilipo, yezani.

Chipiliro_wa_Minibus:
Ife timapanga zimenezo pa depoti tsiku lililonse palibe chinapsa

Makaniko_waku_Ndirande:
Nanga ma alternator amene mumandibweretsera aja amapsa ndi chani?

Mwana_wa_504:
A makaniko ndagula mita ija. Mmawa uno batire linaonetsa 12.1, injini ikulira 14.1. Ndiye kuti alternator ili bwino eti? Nanga moto ukupita kuti?

Makaniko_waku_Ndirande:
Alternator ili bwino. Tsopano tisake wakuba. Zimitsani zonse, chotsani kiyi, tsekani zitseko kuti nyali yamkati isayake. Masulani waya wa negativu, ikani mita pa 10A, chingwe chimodzi pa mutu wa batire china pa waya mwamasulawo, moto uzidutsa mu mita. Musayerekeze kuliza injini mita ili pamenepo, ipsa. Galimoto ya 1978 ilibe kompyuta, chomwe chingadye moto ndi wotchi basi, ndiye muziona pafupifupi ziro, 0.01 kapena 0.02. Mukaona zambiri yambani kuzula ma fyuzi imodziimodzi mpaka nambala igwe. Kawirikawiri ndi wailesi yoikidwa pambuyo, alamu, kapena kanyali ka mu buti kosazima.
Kuti muone kuopsa kwake, 0.05A yokha pa maola 24 ndi 1.2Ah, pa mwezi 36Ah, pomwe batire la galimoto ngati yanu limasunga moto wa cha mu 60Ah.

Mwana_wa_504:
Ikuonetsa 0.16. Ndazula fyuzi ya wailesi yagwa mpaka 0.01. Wailesiyi inaikidwa chaka chatha ndi mnyamata wina wa pamsika, ija ya Bluetooth.

Injiniya_Leeds:
Wapezeka. 0.16 pa tsiku ndi pafupifupi 4Ah, sabata imodzi yokha batire lafika pa theka. Mwachidziwikire analumikiza waya wofiira ndi wachikasu pamodzi ku moto wosazima. Wachikasu ndi wa memory, umafuna moto nthawi zonse koma umadya pang'ono, wofiira ukuyenera kudzera ku kiyi. Akasiyanitsa mawaya awiriwo zitha.

Gogo_Landy:
Nchifukwa chake ine mu galimoto yanga mulibe wailesi. Injini ndiyo nyimbo.

SolaMan_Salima:
Ngakhale akonze wailesiyo batire lizingophwabe lokha likakhala, nde sola kapena tchaja ikufunikabe. Ndipo ndi 0.16 ija ngakhale kapanelo kanga ka 10W kakanalephera, kuba kwake ndi usana ndi usiku pomwe dzuwa lamphamvu ndi maola ochepa.

Mwana_wa_504:
Nanga batire lilipoli lipulumuka kapena ndikagule lina? Komanso mnzanga ali ndi tchaja ija yolemera ya chitsulo yokhala ndi muvi, ndingagwiritse imeneyo?

Makaniko_waku_Ndirande:
Yesani kaye musanataye ndalama. Onani madzi, litchajeni pang'onopang'ono ndi ma amps 4 mpaka 6, lichotseni pa tchaja ligone tsiku lathunthu osalumikiza ku galimoto, muyeze. Likakhala pa 12.6 nkukhalabe pamenepo patapita masiku angapo ndiye lili moyo. Likagwera msanga ku 12.2 lapita. Likaonetsa cha mu 10.5 ndiye kuti selo imodzi yafa, palibenso zokambirana.
Tchaja ya muviyo imagwira ntchito koma siidziwa kuima, imangokankha moto mpaka batire kuwira. Usiku umodzi pa mwezi zili bwino, osaisiya masiku. Potchaja tsegulani chitseko cha galaja chifukwa batire limatulutsa mpweya wa hydrogen omwe umaphulika, fodya ndi mbaula zikhale kutali, ndipo muzizimitsa tchaja ku soketi musanachotse zopanira. Pomasula batire yambani ndi waya wopita ku bode, pomanga umenewo ukhale womaliza, sipanala ikagunda chitsulo isathetheke.

Nasibeko_JHB:
Kuonjezera apo, matchaja oganiza okhawa ena amakana batire lophweratu, amaona ngati palibe cholumikiza. Nde ngati lafika pansi kwambiri yambani ndi ya muviyo kwa kanthawi kenako musinthe. Ndipo mukamagula latsopano tengani mita yanu ku shopu, ena amakhala pa shelefu miyezi yambiri, likaonetsa pansi pa 12.4 sankhani lina.

Wa_ku_Nchalo:
Nanga ufa woyera uja umamera pa mitu mumachotsa bwanji? Langa likuchita kutuwa

Mai_Nachi:
Soda yemweyu wophikira therere, sungunulani mmadzi ofunda nkutsukira ndi kamswachi kakale, bambo a kunyumba amatero. Mukaumitsa pakani Vaseline.

Makaniko_waku_Ndirande:
Mayi anena zoona, koma madzi a sodawo asalowe mkati mwa batire, amapha asidi. Tsekani zitsekerero bwinobwino, ndipo Vaseline muzipaka mutamanga kale mitu osati musanamange.

Bambo_a_Chisomo:
Bwanji osangogula la lithium kapena lija la AGM, lotsekeratu lopanda zitsekerero, zithe? Akuti saphwa msanga.

Injiniya_Leeds:
AGM imaphwa pang'onopang'ono zoona, koma sikonda kupyoza muyezo potchaja ndipo simungathiremo madzi, nde pa galimoto ya regulator yakale ija ya ma points muyeze kaye kuti sikupitirira 14.4. Lithium pa dainamo ya agogo ine sindingayese. Komanso wailesi yakuba ngati ija imaphwetsa batire lililonse, lodula ndi lotchipa chimodzimodzi.

DatsunBoy265:
Funso langa nalo, swichi ya agogo ija ikadula moto wailesi siiwala masiteshoni?

Gogo_Landy:
Imaiwala, ndi wotchi yomwe imaima. Usankhe wekha chimene ukufuna, masiteshoni kapena galimoto yolira. Ubwino wina wakuba akabwera usiku amapotokola kiyi mpaka kutopa.

Wa_ku_Area25:
Mukatha za batire muyambe za petulo wokhalitsa mu thanki, ameneyonso amaola nkumata kabuleta, makamaka wathu wosakaniza ndi ethanol yu amakoka chinyezi. Ndani ali ndi njira yake?

Makaniko_waku_Ndirande:
Tsegulani mutu wina wa zimenezo akulu, apa tisokoneza. A 504 mubwere nayo Loweruka mmawa tisiyanitse mawaya a wailesi aja, pakadali pano fyuziyo ingoizulani muisunge mu thumba.